Njinga Yamoto Yakale Ikayamba Kudontha Madzi

Injini ya njinga yamoto imayenda ndi moto. Petulo wosakanikirana ndi mpweya amayaka m'silinda maulendo ambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo mwa mphamvu yonse imene ili m'petuloyo, imene imakafika ku gudumu siikwana ngakhale theka. Yotsalayo imasanduka kutentha. Kutentha kwina kumatuluka ndi utsi ku ekizosi, koma kwina kumalowerera m'zitsulo za injini. Kukapanda kuchotsedwa msanga, oyilo amasungunuka n'kutha mphamvu, pisitoni imafufuma n'kukanirira m'silinda, ndipo hedi, yomwe ndi chivundikiro cha silinda, imapindika.

Njira zikuluzikulu zoziziritsira injini zilipo ziwiri. Njinga zambiri za kabaza zimene zili m'misewu ya m'Malawi zimazizira ndi mphepo: silinda yake ili ndi timapiko tachitsulo tambiri, ndipo mphepo ikamawomba timapikoto imapita nako kutenthako. Njinga zotere zilibe lediyeta, choncho vuto lodontha madzi silizikhudza. Njira yachiwiri ndi yoziziritsa ndi madzi, monga zimakhalira pa galimoto. Njirayi si yatsopano. Ku England, Alfred Angas Scott anayamba kupanga njinga zoziziritsidwa ndi madzi cha m'ma 1908, koma zinafala kwambiri makampani a ku Japan atalowapo. Suzuki inatulutsa GT750 mu 1971, Honda inatulutsa Gold Wing GL1000 mu 1975 ndi CX500 mu 1978, Yamaha inabwera ndi RD350LC mu 1980, ndipo Kawasaki inatulutsa GPZ900R mu 1984 ndi KLR650 mu 1987.

Zambiri mwa njinga zimenezi zikuyendabe. Zitsulo zake n'zolimba, koma labala wa mapaipi ndi timphete totseka molumikizira amakalamba msanga kuposa chitsulo. N'chifukwa chake kudontha madzi ndi limodzi mwa matenda odziwika a njinga yakale. Pa vuto limeneli ntchito yaikulu ndi kupeza malo enieni amene madzi akutulukira. Malowo akapezeka, kukonza kwake nthawi zambiri kumakhala kosavuta ndiponso kosaboola m'thumba. Akapanda kupezeka, mwini njinga amagula zipangizo zosafunika, dontho lili chidonthere.

Ulendo wa madzi m'injini

M'zitsulo zozungulira silinda ndi hedi muli tinjira ta madzi tomwe tinaumbidwira momwemo kufakitale. Pampu, yomwe imazunguzidwa ndi injini yomweyo, imakankha madzi m'tinjira timeneti. Madziwo akatenga kutentha amafika pa thermostat, kachitseko kamene kamatseguka kokha madzi akatentha. Injini ikadali yozizira kachitsekoka kamakhala kotseka kuti injini ifunde msanga, ndipo pa njinga zambiri kamayamba kutseguka madzi akafika cha m'madigiri 80. Kakatseguka, madzi amadzera m'paipi ya pamwamba kulowa mu lediyeta, n'kutsika m'timachubu topyapyala tomwe mphepo imatiwomba, kenaka amabwerera ku pampu kudzera m'paipi ya m'munsi. Njinga ikaima kapena ikamayenda pang'onopang'ono, fani ndi imene imakokera mphepo pa lediyeta.

Chotsekera cha lediyeta chimaoneka wamba, koma chili ndi ntchito yaikulu. Madzi akatentha amafufuma, ndipo chotsekerachi chimawapanikiza mkati mpaka pulesha ifike pa mlingo wolembedwa pamwamba pake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1 bar. Madzi opanikizidwa amachedwa kuwira. M'mphepete mwa nyanja yamchere madzi wamba amawira pa madigiri 100, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe, mzinda womwe uli pa mamita pafupifupi 1,050, amawira pa madigiri 96 kapena 97. Koma atapanikizidwa ndi 1 bar, madzi omwewo amafika pafupifupi madigiri 120 asanawire. Pulesha ikapitirira mlingo wake, sipuling'i ya m'chotsekera imagonja n'kulola madzi pang'ono kupita m'kathanki kapulasitiki kosungira. Injini ikazizira, kavalavu kena kakang'ono ka m'chotsekera momwemo kamatseguka, madzi aja n'kuyamwidwa kubwerera mu lediyeta.

Apa m'pamene pagona kuopsa kwa kabowo ngakhale kochepetsetsa. Kabowoko kamataya madzi, komanso kamataya pulesha. Pulesha ikathawa madzi amawira msanga, nthunzi imadzaza m'hedi, ndipo nthunzi siichotsa kutentha ngati madzi. Komanso njinga imanyamula madzi ochepa. CX500 imalowa malita pafupifupi 2 okha, choncho theka la lita likatayika ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anayi lapita.

Madziwo ndi otani

Madzi oyenera m'lediyeta ndi osakaniza ndi mankhwala amene amakaniko amawatcha kulanti. Mbali yaikulu ya kulanti ndi ethylene glycol, ndipo kasakanizidwe kofala ndi theka kulanti theka madzi. Kusakaniza kotere kumachititsa kuti madzi asaundane mpaka kuzizira kufike pafupifupi madigiri 37 pansi pa ziro, ndiponso kumakweza mlingo wowirira ndi madigiri 7 kapena 8. Kumayiko otentha nkhani youndana ilibe ntchito, ndipo ambiri amaganiza kuti madzi a pampopi n'ngokwanira. Koma m'kulanti muli mankhwala ena oletsa dzimbiri, omwe amateteza aluminiyamu, mkuwa ndi chitsulo zimene zimakhudzana ndi madzi amodzimodzi m'injini. Popanda mankhwalawa, zitsulo zosiyanazi zimadyana pang'onopang'ono. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime amaonjezera vuto lina: ali ndi mchere ndi laimu zomwe zimaunjikana m'timachubu ta lediyeta ngati mmene zimachitira pansi pa ketulo.

Mankhwala oletsa dzimbiriwa amatha mphamvu, n'chifukwa chake mabuku a njinga zambiri amalamula kusintha kulanti pa zaka 2 zilizonse. Madontho ena a pa njinga zakale chiyambi chake ndi kulanti amene anakhalitsa m'injini osasinthidwa.

Zizindikiro zoyamba

Chizindikiro chodziwika ndi kachithaphwi pansi pa njinga, kobiriwira, kofiirira kapena kabuluu malinga ndi mtundu wa kulanti. Kulanti amaterera pakati pa zala ndipo akagwera pa chitsulo chotentha amatulutsa fungo lonunkhira ngati shuga wopserera. Dontho likakhala laling'ono, madzi amauma asanafike pansi, n'kusiya mzere woyera kapena wobiriwira wooneka ngati choko. Mzere umenewu ndi mboni yodalirika, chifukwa ukatsatidwa kukwera m'mwamba umakathera pa gwero.

Zizindikiro zina ndi muvi wa geji ya kutentha kukwera kuposa masiku onse, fani yamagetsi kuzungulira kawirikawiri, ndi madzi a m'kathanki kutsika mlungu ndi mlungu. Komabe kathankiko sikanena zoona nthawi zonse. Kapaipi kake kakang'ambika kapena chotsekera chikafooka, injini pozizira imayamwa mpweya m'malo mwa madzi, ndipo kathanki kamakhalabe kodzaza pamene lediyeta ikuphwa. Choncho mlingo weniweni umaonedwa pakamwa pa lediyeta penipeni.

Chotsekera cha lediyeta chimatsegulidwa injini itaziziratu basi. Chikatsegulidwa injini ili yotentha, pulesha imathawa kamodzin'kamodzi, madzi amawira nthawi yomweyo n'kuthovokera kumaso ndi m'manja, ndipo zilonda zake zimakhala zoopsa.

Kusaka podonthera

Pamene dontho lagwera si pamene lachokera. Madzi amatsetsereka ndi paipi, waya kapena fulemu, ndipo njinga ikamathamanga mphepo imawakankhira m'mbuyo. Njinga yoimikidwa pa sitandi ya pambali imapendekera kumanzere, motero madontho onse amathamangira mbali imeneyo ngakhale atachokera kumanja. Lamulo la wosaka dontho ndi lakuti gwero ndi malo onyowa amene ali pamwamba kwambiri ndiponso kutsogolo kwambiri.

Ntchito imayamba ndi kutsuka. Thanki ya petulo ndi mapulasitiki obisa injini zimachotsedwa, injini imatsukidwa ndi sopo ndi bulashi, n'kusiyidwa kuti iume gwa. Kenaka pansi pamayalidwa katoni yoyera, lediyeta imadzazidwa, ndipo malo onse okayikitsa amawazidwa paudala wa ana kapena ufa wosalala. Madzi akangotuluka amasiya kanjira koonekera bwino pa ufawo. Tochi ndi kagalasi kakang'ono zimathandiza kuona kuseri kwa mapaipi ndi kunsi kwa makabuleta.

Madontho ali ndi nthawi zake. Ena amatuluka injini ikatentha pulesha n'kukwera. Ena amatuluka usiku injini itazizira, chitsulo chitanyala n'kusiya mpata pansi pa paipi youma. Ena amaoneka m'mphindi zochepa injini itangozimitsidwa, chifukwa nthawi imeneyo pampu yaima koma zitsulo zikadali zotentha, ndipo pulesha imakwera kwambiri. Wosaka amayenera kuyang'ana pa nthawi zitatu zonsezi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dontho laling'ono limafuna kudekha kotero.

Galaja yokhala ndi zida zokwanira imafupikitsa ntchitoyi ndi kapampu kamanja kokhala ndi geji, komwe kamamangidwa pakamwa pa lediyeta. Makaniko amapopa mpaka pa mlingo wolembedwa pa chotsekera, osapitirira, chifukwa lediyeta yakale ikhoza kuphulika. Muvi wa geji ukakhazikika malo amodzi kwa mphindi zingapo, njira ya madzi ili bwino. Ukamatsika, pali podonthera, ndipo poti injini ndi yozizira, manja akhoza kufufuza paliponse popanda kupsa. Muvi ukamatsika koma kunja kuli kouma, madzi akuthawira mkati mwa injini. Palinso utoto wapadera wothira m'kulanti umene umawala ukaunikidwa ndi tochi ya ultraviolet, wothandiza pa madontho ouma msanga.

Chotsekera, mapaipi ndi timphete

Kufufuza kwanzeru kumayambira pa zotchipa ndi zofikirika, kenaka n'kumalowa mkati. Choyamba ndi chotsekera. Labala wake akang'aluka kapena sipuling'i ikafooka, madzi amathawira m'kathanki nthawi isanakwane, kathanki kamasefukira, ndipo madzi amatuluka pa kapaipi kotayira kamene kamaloza pansi. Mwini njinga amaona chithaphwi n'kuganiza kuti injini yawonongeka, pamene vuto ndi kachipangizo kosinthika m'mphindi imodzi. Chotsekera chatsopano chiyenera kukhala cha mlingo wofanana ndi chakale.

Chachiwiri ndi mapaipi a labala. Paipi yabwino ikafinyidwa imabwerera mwakale. Yokalamba imauma ngati mtengo n'kuchita ming'alu, kapena imafewa n'kutupa, makamaka ngati inkagweredwa oyilo. Paipi imatha kuoneka yosalala kunja mkati itadyeka, choncho imodzi ikapezeka yotha, zinzake za msinkhu womwewo zimasinthidwira limodzi. Madontho ambiri amakhala kumapeto kwa paipi, pamene kilampu imaigwira. Kumanga kilampu pang'ono kumathetsa ena mwa madontho otere, koma kumangitsa kumadula labala. Paipi ikavulidwa, kamlomo kachitsulo kamene imavalapo kamapezeka kali ndi dzimbiri lotumphuka. Dzimbirilo limapalidwa ndi sandipepala wosalala mpaka chitsulo chiyere, apo ayi paipi yatsopano nayo idzadontha. Paipi yokakamira siikanulidwa ndi sikuludiraiva pa lediyeta, chifukwa kamlomo kake n'kofewa. Imang'ambidwa ndi mpeni m'litali n'kusendedwa.

Chachitatu ndi timphete ta labala totchedwa O-ring, tomwe timatseka pamene mapaipi achitsulo alowa m'injini, pa nyumba ya thermostat ndi pa chivundikiro cha pampu. Pakapita zaka timaphwatalala n'kuuma. Tikangosokonezedwa sitibwezeredwa, timasinthidwa ndi tatsopano ta saizi yomweyo. Bawuti yotulutsira madzi nayo ili ndi washala wamkuwa amene amafuna kusinthidwa. Thermostat yokanirira potseka imawiritsa injini n'kutayitsa madzi pa chotsekera. Imayesedwa poimiza m'poto wa madzi amene akutenthetsedwa, ndipo iyenera kutseguka madzi asanawire. Kuichotseratu si kukonza, chifukwa injini yoyenda yozizira imamwa petulo wambiri ndipo imaperepeseka msanga.

Lediyeta

Lediyeta ili kutsogolo, kumbuyo kwa tayala, kumene miyala imathowa timachubu take. Imathanso kung'aluka m'misoko ndi pa timakutu tomangira chifukwa cha kunjenjemera kwa zaka zambiri. Ikachotsedwa pa njinga, imayesedwa monga amachitira okonza njinga zakapalasa pa chubu chobooka: makamwa ake amatsekedwa, imapopedwa mpweya pang'ono, n'kumizidwa m'beseni la madzi. Pamene patuluke thovu m'pamene pali bowo.

Malediyeta ambiri a njinga za m'ma 1970 ndi amkuwa, ndipo amawotchereredwa mosavuta ndi mtovu malowo akapalidwa bwino. A njinga za pambuyo pake ambiri ndi a aluminiyamu, omwe amafuna mmisiri wodziwa kuwotcherera chitsulo chimenechi. Kabowo kakang'ono ka pa aluminiyamu kakhoza kumatidwa ndi epoxy yopirira kutentha, malowo atatsukidwa n'kuuma. Kachubu kamodzi kowonongeka kwambiri kakhoza kudulidwa n'kutsekedwa mbali zonse ziwiri, koma timachubu totsekedwa tikachuluka lediyeta imalephera ntchito yake.

Pali mankhwala a m'botolo othira m'lediyeta kuti atseke mabowo, ndipo ena amathiramo dzira laliwisi, tsabola kapena masamba a tiyi. Zonsezi sizisankha potseka. Zimatseka bowo, komanso zimatseka timachubu topyapyala ta lediyeta ya njinga, zimamata thermostat ndipo zimakanda seal yotsekera madzi m'pampu. Dontho limaleka kwa kanthawi, kenaka injini imayamba kutentha mopitirira.

Pampu ndi kabowo kochenjeza

Pampu ya madzi ili pamalire a zinthu ziwiri zosayenera kukumana. Mbali imodzi kuli kulanti, mbali inayo kuli oyilo wa injini, ndipo shafiti yozungulira imadutsa pakati. Kumbali ya oyilo kuli oil seal ya labala. Kumbali ya madzi kuli mechanical seal, yomwe ndi timphete tiwiri tosalala kwambiri, kena ka kaboni kena ka ceramic, tokanikizana ndi sipuling'i. Kamodzi kamazungulira ndi shafiti, kena kamakhala chilili, ndipo kulanti yemweyo ndi amene amatifewetsa ndi kutiziziritsa. Pakati pa ma seal awiriwa opanga injini anasiya kampata kokhala ndi kabowo kotulukira kunja. Kabowoka kakamatuluka kulanti, yatha ndi mechanical seal. Kakamatuluka oyilo, yatha ndi oil seal.

Kabowo kameneka sikatsekedwa ndi guluu, sopo kapena kamtengo. Ntchito yake ndi kutayira kunja madzi amene adutsa seal. Kakatsekedwa, madziwo amakankha oil seal n'kulowa m'oyilo, ndipo oyilo wosakanikirana ndi madzi amapha mabering'i a injini. Vuto la kachipangizo kamodzi limasanduka la injini yonse.

Honda CX500 ndi chitsanzo chabwino cha nkhaniyi. Njingayi, yomwe mapangidwe ake anatsogoleredwa ndi injiniya Shoichiro Irimajiri, ili ndi injini ya masilinda awiri ya 497 cc yotambasuka ngati chilembo cha V, ndipo gudumu la m'mbuyo limayendetsedwa ndi shafiti m'malo mwa tcheni. Inatchuka ndi kulimba, moti anthu onyamula makalata ndi timaphukusi mumzinda wa London ankaikonda kwambiri m'ma 1980. Pa injini imeneyi camshaft, shafiti yotsegula mavalavu, imagwira ntchito zingapo: kutsogolo kwake kuli fani, ndipo kumbuyo kwake, kunsi kwa makabuleta, kuli impeller, kachitsulo kamapiko kamene kamapalasa madzi. Mechanical seal inakhomeredwa m'chivundikiro cha kumbuyo kwa injini, ndipo ikatha, mzere wa kulanti umaoneka ukutsika kumanzere kwa injini kuchokera pa kabowo kaja.

Kuti seal yonse isinthidwe motsatira buku la Honda, injini imatsitsidwa pa fulemu ndipo chivundikiro cha kumbuyocho chimachotsedwa. Poti m'chivundikiro chomwecho mulinso stator yopanga magetsi ndi tcheni cha camshaft, eni njingazi amakonda kusinthiratu zitatu zonsezo pa ulendo umodzi, ntchito imene amaitcha triple bypass. Palinso njira yachidule imene eni ake anatulukira: kuchotsa makabuleta, chivundikiro cha pampu ndi impeller, n'kusintha zamkati mwa seal zokha, kusiya chikho chake chachitsulo m'malo mwake. Njirayi imagwira ngati chikhocho ndi oil seal zikadali zabwino.

Pa njinga iliyonse, kuika seal yatsopano kumafuna ukhondo. Nkhope zosalala za timphete tija sizigwiridwa ndi zala za girisi ndipo sizipakidwa oyilo. Labala wake amanyowetsedwa ndi madzi a sopo kuti alowe mosavuta. Chikho cha seal chimakhomedwa mowongoka ndi soketi ya saizi yake, ndipo kufunditsa chivundikiro cha aluminiyamu kumathandiza kuti chilowe osapindika. Shafiti imayang'anidwa ngati ili ndi zipsera za dzimbiri kapena ngati ikugwedera, chifukwa shafiti yogwedera imapha seal yatsopano m'masiku ochepa. Washala wa pansi pa nati ya impeller amaikidwa watsopano. Seal yatsopano ikhoza kulola timadontho tochepa poyamba mpaka nkhope zake zitazolowerana, koma dontho lopitirira limasonyeza kuti china sichinakhale bwino.

Madzi othawira mkati

Madzi akamatha koma kunja kuli kouma, wokayikiridwa ndi gasiketi ya hedi, yomwe imalekanitsa moto, madzi ndi oyilo pamene hedi yakumana ndi silinda. Ikapsa, zizindikiro zimatengera mbali imene yabooka. Madzi akamalowa m'silinda, ku ekizosi kumatuluka utsi woyera wonunkhira shuga umene suleka ngakhale injini itatentha, ndipo pulagi ya silinda imeneyo imaoneka yoyera ngati yotsukidwa. Utsi wa m'silinda ukamalowa m'madzi, pakamwa pa lediyeta pamatuluka thovu losalekeza injini ikamalira, mapaipi amalimba msanga injini isanatenthe, ndipo kathanki kamasefukira. Madzi akamalowa m'oyilo, oyiloyo amasanduka ngati tiyi wamkaka ndipo mlingo wake umakwera.

Zizindikirozi zimafuna kusamala pozimasulira. Nthunzi yoyera ya m'mamawa kukuzizira ndi yachibadwa ndipo imatha injini ikafunda. Kautoto koyera kunsi kwa chotsekera cha oyilo kakhoza kubwera ndi chinyezi pa njinga yoyenda maulendo afupiafupi. Oyilo wamkaka akhozanso kuchokera ku pampu imene kabowo kake katsekeka ndi matope. Umboni wotsimikizika umachokera ku chida chokhala ndi mankhwala abuluu chimene chimaikidwa pakamwa pa lediyeta: mukakhala utsi wa injini m'madzi, mankhwalawo amasanduka achikasu.

Pokonza, mabawuti a hedi amamasulidwa pang'onopang'ono mopingasa, injini itazizira. Zotsalira za gasiketi yakale zimapalidwa mosamala kuti aluminiyamu asakandike. Kenaka hedi imayesedwa ndi lula yachitsulo yowongoka ndi feeler gauge yoyezera mpata. Mabuku ambiri amalola mpata wosapitirira 0.05 kapena 0.10 mm, ndipo hedi yopindika kuposa apo imapita ku makina kukasalazidwa. Gasiketi imaikidwa yatsopano nthawi zonse, ndipo mabawuti amamangidwa ndi torque wrench, m'magawo awiri kapena atatu, motsatira dongosolo ndi mlingo wa m'buku la njingayo. Oyilo ndi fyuluta zimasinthidwa, n'kusinthidwanso pakapita ulendo waufupi kuti chinyezi chonse chichoke. Chofunikanso ndi kupeza chimene chinatenthetsa injini poyamba, chifukwa kawirikawiri gasiketi imapsa chifukwa cha dontho lina limene linanyalanyazidwa.

Kuthira madzi atsopano

Podonthera pakakonzedwa, njira yonse imatsukuluzidwa ndi madzi oyera mpaka otuluka akhale oyera. Kulanti woyenera ndi wolembedwa kuti ndi wa injini za aluminiyamu, ndipo Honda imalangiza wopanda silicate pa njinga zake chifukwa silicate amaperepesa seal ya pampu. Mtundu wooneka ndi maso sunena zamkati mwa kulanti, choncho chodalirika ndi zolembedwa pa botolo, ndipo mitundu yosiyana siisakanizidwa. Kulanti wosasungunula amasakanizidwa ndi madzi otcheza, aja ogulitsidwa kuti azionjezera m'batire, osati asidi wa batire.

Madzi amathiridwa pang'onopang'ono, njinga ikupendeketsedwa uku ndi uku ndipo mapaipi akufinyidwa kuti mpweya utuluke. Njinga zina zili ndi kabawuti kotulutsira mpweya pa pampu kapena pa nyumba ya thermostat. Kenaka injini imalizidwa chotsekera chili chochotsa mpaka paipi ya pamwamba itenthe, kusonyeza kuti thermostat yatseguka. Mlingo ukatsika amaonjezera, chotsekera n'kubwezeredwa, ndipo kathanki kamadzazidwa kufika pakati pa mizere yake iwiri. Pambuyo pa ulendo waufupi njinga imasiyidwa kuti izizire, mlingo n'kuonedwanso, ndipo katoni imagonanso pansi pake usiku umodzi. Mpweya wotsalira m'hedi umatenthetsa injini ngakhale podonthera patatsekedwa bwino.

Kulanti wakale satayidwa pabwalo, m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime. Ethylene glycol ndi wotsekemera koma ndi poizoni wowononga impso, ndipo pang'ono pokha amapha galu kapena mphaka. Sasungidwa m'botolo la zakumwa, ndipo mwana kapena wamkulu amene wamwa ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akuoneka kuti ali bwino. Wotayikira pa tayala kapena pa mabuleki amatsukidwa njinga isanayende, chifukwa amaterera.

Dontho la pa ulendo

Dontho likayamba pa msewu muvi wa kutentha n'kufika pofiira, injini imazimitsidwa pomwepo n'kupatsidwa nthawi yokwanira kuti izizire. Madzi ozizira sathiridwa pa injini yotentha kapena mkati mwake, chifukwa chitsulo chikhoza kung'aluka. Paipi yong'ambika kumapeto imadulidwa pang'ono n'kuvekedwanso. Yong'ambika pakati imapukutidwa n'kukulungidwa ndi tepi, pamwamba pake n'kumangapo mphira ya chubu. Pa nthawi yotere madzi akumwa oyera ndi ololedwa, ndipo njinga imayendetsedwa pang'onopang'ono, kuima pafupipafupi, mpaka pa galaja yapafupi, kumene madziwo amakhetsedwa n'kuthiramo kulanti.

Njinga yakale imapewa zambiri mwa izi ikamasamalidwa motere: mlingo wa madzi uzionedwa mlungu uliwonse injini ili yozizira, mapaipi azifinyidwa ndipo kabowo ka pampu kaziyang'anidwa pa nthawi yosintha oyilo, matope ndi tizilombo zizitsukidwa pa lediyeta ndi madzi osathamanga kwambiri, ndipo kulanti azisinthidwa pa zaka 2 zilizonse. Njinga yoimikidwa miyezi yambiri izilizidwa mwa apo ndi apo mpaka itenthe, kuti nkhope za seal zisamatirirane. Njinga imene yangogulidwa kumene, yomwe mbiri yake siikudziwika, imayamba yasinthidwa chotsekera, mapaipi, timphete ndi kulanti isanapite pa ulendo wautali.